Therere m'Mfuti ya Amalume

Lachisanu lapitali ndinaika therere m'mfuti ya amalume anga. Amayi akuti ndipepese. Nkhaniyi ndagona nayo, ndadzuka nayo, ndatsukira nayo mbale, ndipo yankho langa silinasinthe: sindipepesa.

Musathamangire kuimbira apolisi. Kuno ku Doha Mmalawi sangakhale ndi mfuti yeniyeni, ngakhale legeni amayamba waganiza kawiri. Imene ndikunenayi ndi ya pulasitiki, ya ana, yogula m'sitolo ya zidole. Kungoti mwini wake ankainyamula ngati wachita kusainira kubalakisi.

Kwa inu amene mwalipeza lero tsamba langali, ndine Tamanda. Mwa kuwerenga kwa kwathu ndili Fomu 3, ngakhale sukulu ya masiku ano ndi ya pa laputopu: aphunzitsi akulongosola za mapiri, ine kamera ndatseka, ndikukazinga mazira. Ndimakhala ndi amayi m'kafulati ku Old Airport. Iwo ndi namwino pa kiliniki ina ku Bin Mahmoud. Amalume a Dayisoni ndi mlongo wawo wamng'ono, mlonda pakhomo la supamaketi ina kufupi ndi kwathu.

Ntchito ya amalume mukuidziwa, nonse mwadutsapo pamakomo otere. Kuima tsiku lonse, kuloza anthu pachipumi ndi kamakina koyezera kutentha kwa thupi, kusuzumira pafoni za makasitomala ngati pakuoneka gilini wosonyeza kuti alibe Korona, kuthira sanitayiza m'manja mwa anthu osayamika. Mfuti alibe. Ndodo alibe. Ali ndi wailesi yolira khwe khwe, ndi nsapato zowala moti ukhoza kupesa tsitsi ukuyang'ana pamenepo.

Nsapatozo muzisunge m'mutu. Zibweranso.

Kumudzi ku Linthipe amalume anasiya mkazi ndi mwana mmodzi, Pempho, msuweni wanga. Anamusiya akutchula madzi kuti "maji". Pano ali ku pulayimale, mano akutsogolo anaguluka n'kumeranso, bambo ake osaona. Holide imene ankayembekezera inafera m'mazira ndege zitaima ndi Korona. Ndiye chimene chatsala pakati pa awiriwa ndi foni.

Lachisanu lililonse, tsiku lawo la ofu, amalume amakwera basi kuchokera kukampu kumene alonda amagona kubwera kwathu, chifukwa wayifayi ya kukampu imayenda ngati bilimankhwe. Amasamba m'manja, amakhala pampando wa pakona, masiki n'kutsitsira pachibwano, n'kuimba vidiyo kolo. Ine macheza ake ndinawaloweza ngati ndakatulo ya mayeso.

"Pempho, muli bwanji bambo?"

"Ndili bwino."

"Kusukulu?"

"Bwino."

"Ukuwamvera amayi ako?"

"Ee."

Kenako timaona denga. Kenako nkhuku. Kenako nkhope ya mayi ake a Pempho: "Wathawa, kwabwera anzake."

Amalume amaseka n'kunena kuti, "Ana!" Koma kumakhala kuseka kwa mano okha. Akatero amapukuta foni ndi malaya nthawi yaitali, ngati vuto lili pagalasi.

Ndiye tsiku lina zinasintha. Pempho, amene safunsa kanthu, anafunsa funso lakelake.

"Ababa, anzanga akuti mlonda wopanda mfuti ndi wotsegula geti chabe. Inu muli nayo?"

Ndinaona amalume akuwongoka pampando. Munthu amene kwa zaka wakhala akulandira "ee" ndi "bwino" wapatsidwa chiganizo chathunthu. Mukanakhala inu mukanatani?

"Ndili nayo," anatero. "Yaikulu."

"Mundionetse."

"Ili ku ofesi. Ndidzabwera nayo."

Foni itaduka amayi anatuluka m'khitchini atagwira m'chiuno. "Dayisoni, bodza limeneli ukalidyetsa chiyani likakula?"

"Achemwali, mwana akalirira nyanga ya msatsi, msemere."

"Umalize mwambiwo. Imakamufotera m'manja."

Amalume sanamalize. Anakagula mfuti.

Inabwera m'bokosi, ili zidutswazidutswa: tako lake palokha, mpope pawokha, sipuling'i, kachogwirira kokoka potchera, kabokosi kolongamo zipolopolo, ndi zipolopolo zabodza za pulasitiki, zonenepa ngati chala chamkombaphala. Siziwomba kanthu zimenezi. Ukakoka kachogwirira chimodzi chimalowa mumpope, ukakhethemula mfuti imalira kuti thwa, ukakokanso chimadumphira pambali ngati m'mafilimu. Basi. Ntchito yake ndi kukometsa.

Kukampu, m'chipinda chawo, aliyense anasanduka katswiri. Mnzawo wa ku Nepal anati kwawo mwana aliyense amabadwa akudziwa mfuti. Wa ku Uganda anati iye anakhalapo msilikali, ngakhale sananene kuti wa dziko liti. Wa ku Kenya ankangoti, "Mafi mushikila, palibe vuto, menyani ilowa." Pepala la malangizo analiyala pansi n'kudyerapo mpunga.

Anaimanga ndithu. Koma itaima, amalume anaona vuto lalikulu kuposa onse: mfuti ija inali ya buluu ndi olenji. Mwana wa ku Linthipe ngakhale atakhala wogona bwanji, sangakhulupirire kuti boma limapereka mfuti yooneka ngati switi.

Apa ndi pamene nsapato zija zikubwerera.

Mlonda wa kuno amakhulupirira zinthu ziwiri: Mulungu ndi polishi. M'mawa uliwonse asanakwere basi ya kuntchito amafola pamzere, supavayiza n'kumayenda akuyang'ana pansi. Safunsa ngati wagona bwino, safunsa ngati mwendo watupa. Amayang'ana nsapato ndi lamba. Zikawala ndiwe munthu. Zikapanda kuwala dzina lako lalembedwa. Ukakhala zaka m'moyo wotere umayamba kuona ngati palibe vuto padziko lapansi limene polishi sangathetse.

Amalume anatenga bulashi ndi kachitini ka polishi wakuda, n'kuipaka mfuti yonse, kuyambira kutako mpaka kukamwa. Zipolopolo anazipaka wabulawuni kuti zioneke ngati zamkuwa. Atamaliza anaiika pawindo kuti iume.

Pawindo. Ku Doha. M'chilimwe chino chimene ngakhale mphaka amayenda chodumphadumpha pamsewu.

Polishi anasungunuka, n'kutsetserekera m'kati, m'ming'alu yonse, n'kukauma mmenemo eyakoni itayatsidwa.

Lachisanu m'mawa anafika kwathu atanyamula chinthu chachitali, chokulunga m'thawulo, chili m'thumba la mpunga. Atachivundukula patebulo amayi anakhala pansi osafuna.

"Wakwera nacho basi chimenechi? Chakuda bii chonchi?"

"Ndinachikulunga, achemwali."

"Wachikulunga! Akanakuimitsa ukanati chiyani? Kuti ndi mpunga wautali? Ukufuna akukweze ndege yaulere, ukamuone mwanayo ndi unyolo m'manja? Chichoke chakudacho, lero lomwe, apo ayi chinthuchi sichituluka m'nyumba muno."

Amalume sanatsutse. Nkhawa yawo inali ina. Foni ya Pempho inali masana omwewo, ndipo mfuti sinkagwira ntchito. Kachogwirira kanali gwa. Zipolopolo zinali zitamatirira m'kabokosi ngati zabadwira momwemo.

"Tamanda, mwana wa achemwali anga," anatero ndi mawu amene amagwiritsa ntchito akafuna pasiwedi ya wayifayi, "iwe ndi wa sukulu. Tandionere."

Ndinaiona. Ndipo kwa aliyense amene wangogula chinthu chobwera m'zidutswa, kaya ndi mfuti ya mwana, kaya ndi fani, kaya ndi bedi, mverani zimene ndinapeza.

Tako la mfuti anaika chagada. Sipuling'i anailowetsa chakumbuyo, n'kuikhomerera ndi chidendene cha nsapato mpaka inapindika ngati mchira wa nkhumba. Zipolopolo zina zinkaloza kutsogolo, zina zinkaloza mwini mfuti. Nditafunsa kuti kapulasitiki kogwira sipuling'i kali kuti, amalume anapisa m'thumba la malaya n'kukatulutsa monyadira.

"Aka? Kanatsala. Ndi ka sipeya."

Abale, chidutswa chikatsala si sipeya. Ndi umboni.

Ndinaphwasula zonse. Ndinaviika zidutswa m'beseni la madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale, n'kumakwecha chimodzichimodzi ndi mswachi wakale. Chabwino, unali wa amayi. Koma pano ndi wakale. Madzi anada ngati a m'ngalande ya mvula yoyamba. Sipuling'i ndinaiwongola ndi pulayazi ya aneba. Zipolopolo ndinazipukuta mpaka zinayamba kutsetsereka zokha, n'kuzilonga zonse zitaloza kumodzi ngati ana a kwaya. Palibe chimene ndinakakamiza. Chinthu chikakana kulowa chimakhala chikukuuza kanthu, ndipo nsapato si yankho.

Nditakoka kachogwirira: kwatcha. Nditakhethemula: thwa. Nditakokanso, chipolopolo chinadumpha n'kukagwera m'kapu ya tiyi ya amalume.

Anaomba m'manja. Kenako anaiyang'anitsitsa, nkhope n'kugwa. Inali yabwereranso ku buluu ndi olenji, yowala kuposa tsiku limene inagulidwa.

"Azindikira," anatero chapansipansi.

Koma munthu wofuna kukondedwa ndi mwana wake satha nzeru. Anatseka makatani onse. Anazimitsa getsi. Anaimika foni pashelefu, iwo n'kukaima kutali, pafupi ndi chitseko, pamene zinthu zimangooneka zithunzithunzi. Anavala yunifomu, pa tsiku la ofu, ndi chipewa chomwe. Anayeserera pagalasi la kubafa: kutchera, kukhethemula, kutchera, sailuti. Ndinkawamva akudzilankhulira, "Waona, bambo? Waona?"

Nthawi imeneyo n'kuti amayi akudula therere m'khitchini. Ndinapita kukamwa madzi. M'mbale munali kamodzi kakang'ono, kanthete, kosongoka bwino, kotalika ndi kunenepa ndendende ngati chipolopolo chija.

Ena akalakwa amati Satana anawanyenga. Ine Satana ndisamunamizire, anali kutali. Ndinali ine ndekha. Ndipo musaganize kuti ndinali ndi nzeru zakuya zofuna kuphunzitsa munthu kanthu. Ndinangoona therere, ndinaona mfuti, mtima n'kunena kuti awiriwa ayenera kudziwana. Ndinachotsa zipolopolo ziwiri zapamwamba, ndinagoneka katherere kaja, n'kubwezera ziwirizo pamwamba pake ngati bulangete.

Foni inalira. Pagalasi sipanaoneke mutu umodzi. Panali mitu yambiri, yothithikana, ina yometa, ina yafumbi. Pempho anali ataitana anzake onse aja amene amati bambo ake ndi wotsegula geti.

Apa ndinayamba kudzimvera chisoni pang'ono. Pang'ono chabe.

"Ababa, ili kuti?"

Amalume anatuluka mumdima ngati msilikali wa pa pelete. Kwatcha. Thwa. Chipolopolo chinadumpha.

"Eeeee!" anakuwa ana ku Linthipe.

Kwatcha. Thwa. Chachiwiri.

"Waona? Waona?" Ameneyo anali Pempho, akugunda mnzake ndi chigongono. Nkhope ya amalume, ngakhale mumdima, inkawala kuposa nsapato zawo.

Anakokanso kachitatu. Sipanamveke kwatcha. Panamveka fwatya.

Anakoka. Gwa. Anakankha. Gwa. "Yala, yala," anainyengerera m'Chiarabu kuti ifulumire, ngati galimoto yokana kulira. Anakoka ndi mphamvu zonse, ndipo m'mbali mwa mfuti munayamba kutuluka chinthu chonanda, chotanuka ngati ulusi, n'kumalendewera mpaka pa lamba.

Munthu akasokonezeka amaiwala mapulani ake onse. Amalume anathamangira pawindo kuti aone bwino, n'kukoka katani. Dzuwa lonse la Doha linalowa m'nyumba n'kukatera pa buluu ndi olenji.

 Kenako ku Linthipe kunaphulika.

"Ndi chidole!"

"Mfuti ya bambo ako ili ndi chimfine!"

"Ili ndi Korona! Thawani!"

Tinamva mapazi ndi chikhakhali zikupita kutali. Pagalasi panatsala mutu umodzi. Pempho sankaseka. Ankangoyang'ana.

Amalume anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi foni. Chipewa anavula. Anaika mfuti pamiyendo n'kuyamba kuiphwasula pang'onopang'ono, osayang'ana mwana wawo, chifukwa manja akakhala ndi chochita maso amapeza pobisala. Atasolola mpope, kanthu kobiriwira, kophwanyika, kanagwera pabondo pawo.

Anakanyamula ndi zala ziwiri. Anakayang'ana. Anandiyang'ana ine. Ine ndinayang'ana denga, limene ndinapeza kuti ndi lokongola kwambiri.

"Ababa," anatero Pempho, "limenelo si therere?"

"Ndi therere, bambo."

"Mwaika therere m'mfuti?"

"Si ine. Ndi msuweni wakoyu, mkazi wako wamwanoyu. Udzamulowole msanga atichokere pano."

Ndinasuzumira pafoni. "Amuna anga, ndimati ndikutumizireni ndiwo mwachangu."

Pempho anayesa kudzigwira.  Kenako anaphulika, kuseka kochokera m'mimba, kogwetsa munthu pansi, mpaka foni inagwa tinaona thambo la ku Dedza. Ataitola misozi inali mbwee.

Amalume anadikira kuti amalize. Ndiyeno ananena chimene ine sindinkayembekezera.

"Pempho, ine mfuti ndilibe. Kuno alonda ngati ine sitigwira mfuti. Iyi ndinagula kuti ndikuonetse. Ndinanama, bambo. Ndi yako, ndidzabwera nayo."

Ndinkaganiza kuti mwana alira, kapena adula foni. Koma maso ake sanali pa bambo ake. Anali pa manja awo, amene ankayesa kubwezera zidutswa.

"Ababa, mukulakwitsa."

"Ati?"

"Sipuling'iyo iyambe kulowa. Ayi, osati uko. Tembenuzani. Tasendezani foni ndione." Amalume anasendeza. "Chimakankha chipolopolo ndi chiyani pamenepo? Kapulasitiki ako? Ndiye kakhale kumbuyo. Yanga imatero."

"Yako iti?"

"Ndinapanga ya nsungwi ndi mphira. Imaponya nthudza mpaka kuseri kwa khola. Dikirani ndikatenge. Ababa, musadule! Musadule, mwamva?"

Anathamanga. Pagalasi panatsala denga lija, ndi nkhuku ija. Zomwe zija timaona Lachisanu lililonse. Koma ulendo uno mwana anati musadule.

Amalume anagwira foni ndi manja awiri ngati mbale yodzaza. Anakweza masiki kuchoka pachibwano, osati kukamwa, koma mpaka m'maso, n'kupukuta. Amayi anali ataima pakhomo la khitchini ndi mpeni m'manja. Anabwerera m'kati, ndipo ndinamva akumina, ngakhale anyezi anali atadula kalekale.

Pempho anabwera ndi mfuti yake, yomanga ndi mphira za chubu cha njinga, yokhala ndi kamsomali kokhethemulira. Anaionetsa mbali zonse. Anafotokoza mmene inkakanira poyamba, mmene anapalira nsungwi m'kati ndi waya wamoto, mmene mphira ikakhala yatsopano imalumira chala. Amalume ankafunsa, iye n'kumayankha. Kenako anabwerera ku ya pulasitiki ija.

"Osakakamiza, ababa! Muthyola!"

"Yesi bwana."

"Mwatsuka therere lonse?"

"Ndatsuka, bwana."

"Onetsani. Ayi, latsalira pakonapo."

Ine ndikanatha kuimanga m'kanthawi kochepa. Koma ndinangopinda manja. Ngakhale wopulupudza amadziwa nthawi yokhala phee.

Itagwira ntchito, kwatcha, thwa, onse awiri anakuwa ngati timu yawo yagoletsa. Ndiyeno Pempho anafunsa, "Nanga pakhomopo mumagwira chiyani?" Amalume anamuuza za kamakina koyezera kutentha. Anamuuza za kamtsikana kena kamene kankaopa kulozedwa pachipumi, mpaka iwo anayamba ayeza chidole chake n'kulengeza kuti chidole chili bwino chikhoza kulowa. Anamuuza za mayi wina wachikulire wachiarabu amene amawasiyira zipatso za tende m'manja osalankhula. Anamuuza kuti miyendo imawawa madzulo. Zinthu zimene sananenepo, chifukwa ankaona ngati si nkhani zouza mwana amene ukufuna kuti azikunyadira.

Foni inaduka yokha batire ya ku Linthipe itatha.

Tsono ndifunse ife tonse amene tili kuno. Ndi angati mwa ife amene tili ndi mfuti yopaka polishi?

Musandiyang'ane choncho. Ndimaziona zithunzi zanu. Achimwene aja ojambulitsa atatsamira galimoto ya bwana, makiyi akulendewera pachala. Anti aja ogwira ntchito kudera la Nuaija ojambulitsa m'khitchini ya madamu, epuloni atabisa kuseri kwa chitseko. Ankolo aja amene amakwera sitima ya metro mpaka kunyumba zazitali zija kukangojambulitsa, n'kubwerera kukampu kukagona pabedi yosanjikiza. Ngakhale ine. Anzanga a ku Lilongwe amadziwa kuti ndimakhala m'mamolo. Sadziwa kuti windo la chipinda changa limayang'ana khoma ndi mapaipi a eyakoni.

Sindikuseka munthu. Chabwino, ndikuseka pang'ono. Koma ndikumvetsa. Munthu wasiya kwawo, wasiya ana, wapirira dzuwa ili ndi "yala yala" wa mabwana. Akauze kwawo kuti amatsegula chitseko? Amafuna kuti kupita kwake kuoneke kuti kunali ndi phindu. Ukaipa dziwa nyimbo, amatero akuluakulu, ndipo nyimbo yathu kuno ndi kamera.

Masiku ano pagulu lathu la pafoni nkhani ndi imodzi: malamulo a ntchito asintha, akuti munthu ukhoza kuchoka pakampani popanda kukagwadira bwana kuti akupatse kalata yokumasula. Ena akuti zikutheka, ena akuti mabwana akupezabe pokugwirira. Amalume nawo akuyesa mwayi kuhotela ina kumene alonda amavala suti. Zonsezo ndi zabwino, inshala zitheke. Koma pali yunifomu ina imene sitinapatsidwe ndi bwana, tinadzisokera tokha, imene timavala tikamaimba foni kumudzi. Imeneyo atimasule ndani?

Akuluakulu akumudzi mwina amaifuna yunifomu imeneyo, sindikudziwa. Koma mwana? Taganizani. Mwana angacheze chiyani ndi munthu amene zonse zake zili bwino? "Kuno kuli bwino, ntchito ili bwino, uzilimbikira sukulu." Ayankhe kuti chiyani kupatula "ee"? Ngwazi umaiimikira sailuti, kenako umathawira kwa anzako. Koma bambo amene wakhala pansi, chipewa wavula, chinthu chamukanika m'manja, ameneyo ukhoza kumuuza kuti tasendezani foni ndione.

Zaka zonsezi amalume ankafunafuna choti amupatse Pempho. Sanaganizepo zomupempha kanthu.

Amayi akuti mfundo imeneyi ndaipeza mochedwa, ngati munthu woponya mwala m'chitsime n'kumati ndimayeza kuya kwake. Akuti zikanatha kuipa. Akuti mwana uja anzake amuseka sabata yonse. N'zoona, ndipo mayi ake a Pempho atiuza kuti anamusekadi, mpaka iye anawauza kuti mfuti ya buluuyo ikadzafika wondiseka saigwira. Pano akuti onse akumunyamulira chikwama.

Chilango changa ndi kutsuka mbale mpaka amayi adzaiwale, ndipo amayi saiwala. Mswachi ndagula wina.

Dzulo anandituma ku supamaketi. Pakhomo ndinapeza amalume ali pantchito, yunifomu yosita, nsapato zikuthwanima. Anandiyang'ana ngati sakundidziwa.

"Foni, madamu."

Ndinaonetsa gilini. Anandiloza kamakina pachipumi, n'kuyang'ana nambala nthawi yaitali, akupukusa mutu.

"Mutu uwu ndi wodwala kwambiri," anauza mnzawo wa ku Nepal. "Koma si Korona. Alowe."

Ndikudutsa anandithira sanitayiza wambiri dala, mpaka kudontha m'zigongono. Kenako anawerama pang'ono, mawu akutulukira kuseri kwa masiki.

"Pempho watumiza voisi. Akuti ndisaikhudze ndekha mfuti ija, ndimudikire Lachisanu." Anayang'ana uku ndi uku ngati supavayiza ali pafupi. "Koma vuto ndi loti pano ikugwira bwinobwino."

"Ndiye?"

"Therere lili kumanzere, pafupi ndi mabiringanya. Usankhe laling'ono."

Ndiye amayi, pepani, koma sindipepesa.

Nanga inu amene mukuwerenga muli pa shifiti, foni mutabisa kuseri kwa kauntala: mwana wanu anakuuzani liti komaliza kuti musadule?